Lipoti la msonkhano wa ku McAllen: mmene ndalama za Covid zinafikira ku malire a Texas ndi Mexico

A wapampando, a komiti, amayi ndi abambo nonse a gulu lathu la Amalawi a ku Dallas ndi Fort Worth, landirani moni.

Munatituma awiri kuti tikakuimirireni pa msonkhano wa mipingo ndi magulu a anthu wamba umene unachitikira ku McAllen, m'chigwa cha mtsinje wa Rio Grande. Tayenda bwino, tabwerako bwino, ndipo malisiti a mafuta ndi malo ogona ndapereka kale kwa amsungichuma. Mnzanga adzakufotokozerani yekha za thandizo la maloya kwa abale amene mapepala awo sanalongosoke, chifukwa ndi iye amene anakhala nawo pa zokambirana zimenezo. Ine ndinakhala kumene ankakamba za ndalama. Funso la kumeneko linali lakuti: ndalama zimene boma lalikulu la ku Washington linatumiza ku Texas kuti zithandize pa mliri wa Covid zinayenda bwanji, ndipo zinatheka bwanji kuti zina mwa izo zithandize kulipira asilikali ndi khoma la m'malire?

Ndiyambe ndi fupa la nkhani, kuti amene atope kuwerenga atsale atagwira pofunika. Palibe munthu amene ananyamula thumba la ndalama za odwala n'kukagula nazo zitsulo dzuwa likuswa mtengo. Ndalamazo anazisinthanitsa, ndipo anachita zimenezi m'njira imene mabuku a boma amaoneka oyera ukawatsegula. N'chifukwa chake nkhaniyi ikufunika kuimvetsa bwino, pakuti wakuba woonekera amagwidwa, koma njira iyi ingabwerezedwe pa mliri wina uliwonse, pa chigumula, ngakhale pa mphepo yamkuntho.

Pa 27 Malichi 2020, Pulezidenti Donald Trump anasainira lamulo lotchedwa CARES Act, la ndalama pafupifupi $2.2 thiliyoni. M'kati mwake munali thumba la $150 biliyoni logawira maboma a zigawo ndi mizinda ikuluikulu, ndipo Texas yonse inalandira zoposa $11 biliyoni. Lamulolo linali ndi mfundo zitatu. Ndalamazo zigwire ntchito yofunikadi chifukwa cha mliri, ntchitoyo ikhale yoti sinali kale mu bajeti, ndipo ichitike m'nyengo yoikidwa, imene pambuyo pake anaitalikitsa mpaka pa 31 Disembala 2021. Pomva mfundo zimenezi munthu ungati chitseko chatsekedwa ndi loko. Koma unduna wa zachuma wa ku Washington, pofuna kuti ndalama zisachedwe m'maofesi pamene anthu akufa, unalola kuti malipiro a ogwira ntchito za umoyo ndi za chitetezo cha anthu aziwerengedwa ngati ntchito ya mliri, popanda kufunsa munthu mmodzimmodzi kuti lero wagwira chiyani. Maganizo amenewa sanali oipa. M'miyezi ija panalibe nthawi yoti nesi kapena wozimitsa moto azilemba maola ake a Covid padera. Koma mpata umenewu ndi umene boma la Texas linadzera.

Mayi wina amene anagwirapo ntchito yowerengera ndalama za boma anatijambulira pa bolodi mabokosi ndi mivi, ndipo ine ndinazimva motere. Mwana wadwala, malume a ku Joni atumiza ndalama ya kuchipatala. Bambo aitenga ndalamayo n'kulipira lendi ndi kugula ufa, zinthu zimene akanalipira ndi malipiro awo monga mwa mwezi uliwonse. Malipiro awo atsala m'thumba, akagula nawo njerwa za mpanda. Malume akafunsa, bambo awaonetsa malisiti onse: ndalama yanu yathera pa nyumba imene wodwalayo akugonamo ndi nsima imene akudya. Bodza palibe. Koma mwana sanaonjezeredwe ngakhale mbulu umodzi wa mankhwala, ndipo mpanda waima.

Ku Austin, likulu la boma la Texas, zinayenda chimodzimodzi. Ndalama za ku Washington zinalipira ogwira ntchito m'madipatimenti angapo, monga a ndende, a polisi ya boma la Texas ndi a zaumoyo. Ndalama zimene nyumba ya malamulo inali itapatula kale kuti ziwalipire anthu amenewo zinatsala zopanda ntchito. Kenako atsogoleri anazisamutsira ku ntchito ya m'malire yotchedwa Operation Lone Star, imene Bwanamkubwa Greg Abbott anaiyambitsa mu Malichi 2021. Mu Januwale 2022 anasamutsa pafupifupi $480 miliyoni. Kumapeto kwa Epulo chaka chomwecho anasamutsanso $495 miliyoni, ndipo pa izo zoposa $200 miliyoni zinachokera ku bungwe la boma loona za umoyo ndi chisamaliro cha anthu, lomwe lija limayendetsa Medicaid (inshuwalansi ya kuchipatala ya boma yothandiza osauka), zipatala za odwala misala ndi kuyang'anira nyumba za okalamba zimene ambiri a ife timagwiramo ntchito. Kuphatikiza maulendo awiriwa ndi pafupifupi $1 biliyoni.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi njira yake. Nyumba ya malamulo ya Texas imakumana kamodzi pa zaka ziwiri, kwa masiku 140, m'zaka ngati 2021, 2023 ndi 2025. Mu 2022 sinakumane. Choncho ndalama zonsezi zinasamuka ndi kalata, yosainidwa ndi anthu asanu: bwanamkubwa, wachiwiri wake Dan Patrick, sipikala wa nthawiyo Dade Phelan, ndi apampando awiri a makomiti a zachuma. Panalibe mtsutso wa aphungu, panalibe tsiku loti munthu wamba apite ku Austin akaimirire n'kunena kuti ndalama iyi isachoke. Kalatayo inkanena kuti kusamutsaku sikusokoneza ntchito ya dipatimenti ina iliyonse, ndipo ofesi ya bwanamkubwa yakhala ikunena kuti inatsata malangizo onse a ku Washington.

Ndikupempheni muyese mawu amenewa ndi nkhani ya dipatimenti yosunga ana olakwira malamulo. Pa ndalama za mu Epulo zija, pafupifupi $31 miliyoni zinachokera kumeneko. Mu Juni 2022, patangopita miyezi iwiri, dipatimentiyo inasiya kulandira ana atsopano chifukwa ogwira ntchito anali atathawa, malipiro ake ochepa ndi ntchito yoopsa. Atolankhani analemba za ana otsekeredwa m'zipinda mpaka maola 23 pa tsiku, akudzithandizira m'mabotolo chifukwa panalibe wowatsegulira kuti apite kuchimbudzi. Unduna wa zachilungamo wa ku Washington unali utayamba kale kufufuza malo amenewa mu Okutobala 2021. N'zoona kuti malipiro a ogwira ntchito otsalawo analipidwa, pakuti ndalama za Covid zinatseka dzenjelo. Koma ndalama yotsalayo ikanakhala pomwepo, ikanalemba anthu ena ntchito kapena kukweza malipiro kuti omwe analipo asachoke. Thandizo la mliri linabwera kuti liwonjezere pamene panali popereweredwa. Ku Texas, pa mbali iyi, linangolowa m'malo mwa ndalama imene inalipo kale.

Aphungu a ku Congress, nyumba ya malamulo ya ku Washington, ochokera ku Texas, monga Joaquin Castro wa ku San Antonio ndi Veronica Escobar wa ku El Paso, analembera nduna ya zachuma ya nthawiyo Janet Yellen kuti nkhaniyi ifufuzidwe, ndipo mu Meyi 2022 ofesi yofufuza za ndalama mu undunawo inayamba kuunika mmene Texas inagwiritsira ntchito thumba la CARES.

Apa ndifune kuti tisamale pakamwa tikamakamba nkhaniyi kwa anzathu akuntchito, chifukwa tikakokomeza adzatigwira bodza n'kutaya ndi zoona zomwe. Gawo lalikulu la biliyoni ija silinagule zitsulo za khoma. Linalipira asilikali a National Guard amene anatumizidwa ku malire masauzande ambiri. Khoma la boma la Texas linayamba ndi ndalama ina. Pa 16 Juni 2021 bwanamkubwa analengeza kuti Texas imanga khoma lakelake, popeza Pulezidenti Joe Biden anali ataimitsa la boma lalikulu, ndipo anaika chikole cha $250 miliyoni chochotsedwa mu bajeti ya dipatimenti ya ndende. Dipatimenti imeneyi ndi imodzi mwa zija zimene malipiro ake ankathandizidwa ndi ndalama za mliri. Anatsegulanso thumba la zopereka za anthu, limene linafika pafupifupi $54 miliyoni, koma pafupifupi zonsezo, zoposa $53 miliyoni, zinachokera kwa munthu mmodzi wachuma, Timothy Mellon. Mu Seputembala 2021 nyumba ya malamulo inavomereza $1.8 biliyoni ya chitetezo cha m'malire, ndipo mbali yaikulu inali ya khoma ndi mipanda. Imeneyi ndiye inadzera pakhomo, aphungu anakangana, anavota. Munthu angaikane, koma anaiona ikudutsa.

Panali malo amodzi kumene nkhani ya Covid ndi khoma anailumikiza poyera popanda kuzungulira. Pakati pa chaka cha 2021, mkulu wa Galveston County (county ili ngati boma la kwathu, monga Dedza kapena Zomba), Mark Henry, analengeza kuti county yake ili pa ngozi chifukwa cha anthu olowa m'dziko, ndipo anakonza zopatula gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama za mliri zimene county inalandira, pafupifupi $6.6 miliyoni, kuti lithandize kumanga khoma. Amene munapitako ku Galveston kukasambira m'nyanja mukudziwa kuti ili kufupi ndi Houston, mamailosi mazanamazana kuchokera ku Mexico. County yomweyo inatumizanso apolisi ake kukathandiza ku Kinney County, ku malire kwenikweniko.

Ndalama za ku Galveston zinali za lamulo lachiwiri, American Rescue Plan, limene Biden anasainira pa 11 Malichi 2021. Lonse linali $1.9 thiliyoni, ndipo $350 biliyoni zinapita ku maboma a zigawo, ma county ndi mizinda. Ntchito zake zololedwa zinali kulimbana ndi matendawa ndi umphawi umene anabweretsa, kuwonjezera malipiro a anthu amene ankagwira ntchito pamene ena onse anali m'nyumba, kukonza madzi, zimbudzi ndi intaneti, komanso kubwezeretsa ndalama za msonkho zimene boma linataya. Mfundo yomalizayi ndiye chitseko china chotakata, chifukwa ndalama ikangotchedwa yobwezeretsa msonkho imatha kugwira pafupifupi ntchito iliyonse ya boma. Ku Alabama anadzera pamenepa mu 2021 n'kupatula $400 miliyoni zomangira ndende. Ku Washington nakonso, seneta John Barrasso wa ku Wyoming anabweretsa bilu yotchedwa Build the Wall Act, yofuna kuti ndalama zonse za thumba limeneli zimene sizinalonjezedwe ku ntchito ina zitengedwe zikamange khoma.

Kunena chilungamo, boma la Texas linalandira pafupifupi $16 biliyoni pa lamulo lachiwirili ndipo zambiri zinagwira ntchito yomveka. Zoposa $7 biliyoni zinabwezeretsa thumba lolipira anthu ochotsedwa ntchito, $2 biliyoni zinali za manesi ndi ogwira ntchito owonjezera m'zipatala, $500 miliyoni za intaneti. Ena a inu munagwirapo ntchito za kontirakiti zolipidwa ndi ndalama zimenezi.

Tsopano ndikuuzeni chifukwa chimene anthu a m'chigwa cha Rio Grande amaikambira nkhaniyi ndi mkwiyo umene ife a ku Dallas sitingaumve msanga. Mliri unawakantha kuposa madera ambiri a dziko lino. Texas ndi imene ili ndi anthu ambiri opanda inshuwalansi ya kuchipatala mu America yonse, pafupifupi munthu mmodzi mwa 6 alionse, ndipo boma lakana mpaka lero kukulitsa Medicaid kuti ifikire akuluakulu osauka. M'chigwamo matenda a shuga ndi ochuluka, mabanja amakhala mibadwo itatu m'nyumba imodzi, ntchito zawo ndi za m'minda, m'masitolo ndi m'malo osungira katundu, zosatheka kugwirira pa kompyuta kunyumba. Mu Julayi 2020 chipatala chokhacho cha ku Starr County chinadzaza mpaka akuluakulu ake analengeza kuti akhazikitsa komiti yosankha odwala amene angapitirize kulandira chithandizo ndi amene abwezedwe kunyumba kuti akafere m'manja mwa abale awo. Chipatala chimenecho chili ku Rio Grande City. Mu Disembala 2021 bwanamkubwa anafika ku Rio Grande City komweko kudzaonetsa atolankhani zitsulo zoyamba za khoma la Texas. Ku El Paso, mu Novembala 2020, mitembo inkasungidwa m'mathiraki a firiji, ndipo akaidi ankalipidwa $2 pa ola kuti azinyamula maliro.

Ine ndine nesi, ndipo ambiri a inu ndinu manesi ndi osamalira okalamba. Tikukumbukira kusunga masiki imodzi m'kachikwama ka pepala kuti tidzaivalenso mawa, kuvulira zovala mu galaja kuti ana asatikhudze, kugwirira agogo foni pakhutu kuti mwana wawo awatsanzike ali kunja kwa windo. Pamene mayi uja ankawerenga ndalama zimene zinachoka ku bungwe la zaumoyo, ndinkaona nkhope za anthu amene ndinawasambitsa komaliza. Anthu oposa 90,000 anamwalira ndi Covid mu Texas muno. Ndalama imene inabwera m'dzina lawo inayenera kusiya chinachake chooneka kwa otsala, mabedi, manesi, madzi.

Ndatchula madzi chifukwa cha mayi wina wa ku midzi imene kuno amaitcha colonias. Iyi ndi midzi ya anthu osauka ya m'mbali mwa malire, kumene eni malo ankagulitsa maploti opanda mapaipi, opanda ngalande, opanda misewu ya tala. Ina yakonzedwa m'zaka zapitazi, ina ikadali choncho. Mayiyo anatiuza kuti m'nthawi ya mliri wayilesi inkawauza kuti azisamba m'manja pafupipafupi pamene madzi akumwa ankachita kugula m'zigubu, ndipo mvula ikagwa zimbudzi zimasefukira m'mabwalo mmene ana amasewera. Lamulo la 2021 lija linatchula madzi ndi zimbudzi mwachindunji. Khoma silinalitchule.

Madzulo ena anatitengera pa basi kukaona khoma kufupi ndi tauni ya Hidalgo. Gawo limenelo ndi la boma lalikulu, koma la Texas analimanga potengera mtundu womwewo. Ndi zitsulo zamakona anayi, zadzimbiri, zoimikidwa mondondozana, zina kutalika kwake mamita 9, zothiridwa simenti m'kati, ndipo pakati pake dzanja limalowa koma mutu sungalowe. Chimene sindinkachidziwa ndisanafike n'chakuti khomalo silili m'mphepete mwa madzi. Chifukwa mtsinje umasefukira, ndiponso pali pangano ndi Mexico loletsa kumanga zinthu zopatutsa madzi, analimanga cha kumtunda, pamwamba pa chiunda chotchinga chigumula. Choncho kuseri kwa khoma kuli minda ya Amereka, ndipo mlimi amatsegula geti ndi nambala yachinsinsi kuti akafike pa munda wake. Pansi pa khomalo panali makwerero a matabwa, okhomedwa mofulumira ndi misomali, ena othyoka, ataunjikidwa pambali podikira galimoto yotaya zinyalala. Ndinagwira amodzi. Matabwa ake ndi aja timagula ku sitolo ya zomangira pa madola ochepa. Titayenda pang'ono, khomalo linangothera panjira, n'kukayambiranso patsogolo.

Pamsonkhano sipanali a maganizo amodzi okhaokha, ndipo ndikuthokoza okonza chifukwa cha zimenezo. Bambo wina wachikulire woweta ng'ombe kumpoto kwa chigwa anaimirira n'kunena za mawaya odulidwa usiku, ng'ombe zotulukira mumsewu, akasinja a madzi oboola, ndi mitembo ya anthu ofa ndi ludzu imene anaipeza m'tchire la pa famu yake. Sankalankhula mwachidani. Ankalankhula ngati munthu wotopa amene boma lalikulu linamusiya yekha. Ndipo manambala ali kumbali yake: m'chaka cha boma cha 2022 apolisi a m'malire anagwira anthu maulendo oposa 2 miliyoni kumalire a kum'mwera, ndipo mu Seputembala 2021 anthu pafupifupi 15,000, ambiri a ku Haiti, anaunjikana pansi pa mlatho ku Del Rio. Amene akunena kuti vuto kunalibe sanafikeko. Ine sindikutsutsana naye bamboyu pa za mavuto ake. Pamene tikusiyana ndi apa: ngati malire akufunika ndalama, atsogoleri apite ku nyumba ya malamulo akapemphe ndalama ya malire, aitchule dzina lake, anthu aimve. Asatenge ya maliro n'kuisintha dzina m'kalata.

Nanga khomalo linafika pati? Malire a Texas ndi Mexico ndi mamailosi 1,254, ndipo boma linasankha mamailosi 805 kuti ndiwo ofunika khoma. Pofika pakati pa 2025 linali litamanga pafupifupi mamailosi 65, litawononga zoposa $3 biliyoni, ndipo mailosi imodzi inkadya ndalama zoposa $20 miliyoni. Silinamangidwe mondondozana koma zidutswazidutswa, chifukwa aphungu sanalole boma kulanda malo mokakamiza pa ntchitoyi, ndipo eni malo ambiri anakana. Choncho linkamangidwa kumene mwini famu wavomera, osati kumene anthu amaolokera kwambiri. Mu 2025 nyumba ya malamulo inapatula $3.4 biliyoni ya chitetezo cha m'malire koma sinaikemo ndalama yoyambira khoma latsopano. Operation Lone Star yonse inali itadya zoposa $11 biliyoni.

Ntchito ya khoma tsopano yabwerera ku Washington. Lamulo lalikulu la misonkho ndi bajeti limene Trump anasainira pa 4 Julayi 2025 linapatula $46.5 biliyoni za khoma, ndi zina zoposa $10 biliyoni zothandiza ndi kubwezera maboma a zigawo amene anawononga ndalama zawo ku malire. Texas inapempha kuti ibwezeredwe $11 biliyoni yake. Loya wina pamsonkhanopo anafunsa funso limene ndikufuna tilisunge: ngati mbali ya ndalama imeneyo inapezeka chifukwa Washington inali italipira kale malipiro ndi thumba la Covid, kodi yobwezedwayo idzabwerera ku zaumoyo, ku ana a m'ndende ndi ku nyumba za okalamba kumene inachotsedwa? Palibe lamulo lokakamiza zimenezo. Zidzatengera amene adzalankhule aphungu akadzakumana mu Januwale 2027.

Lamulo lomwelo la pa 4 Julayi lili ndi mfundo imene ikukhudza thumba la aliyense wa ife. Laika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa kunja kwa dziko, woyamba pa 1 Januwale 2026. Msonkhowu ndi wa amene akupereka ndalama ya kashi, money order kapena cheke cha ku banki pa kauntala. Amene akutumiza kuchokera mu akaunti ya ku banki kapena ndi khadi la banki ya kuno sakhudzidwa. Chonde auzeni makamaka abale atsopano amene sanatsegule akaunti, chifukwa ndi iwo amene amatumiza fizi ndi ndalama ya feteleza ndi kashi, ndiponso ndi iwo amene amalandira zochepa.

Wina wa ku West Africa atamva kuti ndine Mmalawi anandifunsa ngati kwathu zinachitikanso. Ndinamuuza za K6.2 biliyoni ya Covid ija, mmene kafukufuku wa mu 2021 anapezera kuti ndalama zambiri zinathera m'maalawansi ndi kugula katundu mosatsata malamulo, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anachotsa nduna ndipo anthu ena anamangidwa. Nkhani ija inatichititsa manyazi tonse, koma inali ndi mayina, masiginecha ndi malisiti abodza, zinthu zoti wofufuza angazigwire. Ya kuno ilibe lisiti labodza loti munthu aloze. Kuti uione uyenera kuika mabuku awiri pamodzi, la ndalama zolowa ndi la ndalama zosamutsidwa, n'kuwerenga mzere ndi mzere. Atolankhani ochepa ndi amene anachita zimenezo, ndipo popanda iwo sitikanadziwa.

Mwina wina afunsa kuti ife alendo zikutikhudza bwanji. Ku Texas kulibe msonkho wa boma la chigawo wodula pa malipiro, koma aliyense wogula kanthu ku Dallas amalipira 8.25 peresenti, kaya ndi nzika, kaya ndi mwana wa sukulu wa viza, kaya mapepala ake anatha. Msonkho wa nyumba timaulipira kudzera mu lendi. Ndalama zimene zinasamuka m'makalata aja ndi zathunso.

Chenjezo limodzi kwa amene angafune kupita kuchigwako, kaya kukacheza kapena kukagwira ntchito ya kontirakiti. Pobwerera kumpoto pa msewu wa 281 pali rodibuloko ya apolisi a m'malire kufupi ndi Falfurrias, mamailosi pafupifupi 70 kuchokera ku mtsinje. Galimoto iliyonse imaima, agalu amanunkhiza, ndipo amafunsa ngati ndinu nzika. Ife tinali ndi makhadi athu ndipo tinadutsa bwino. Munthu amene mapepala ake ali ndi vuto asapite kumeneko asanalankhule ndi loya, ngakhale sakutuluka m'dziko. M'tchire lozungulira malo amenewa ndi mmene anthu ambiri afera poyesa kuzemba wapansi.

Pempho langa kwa komiti ndi ili. Ndalama za lamulo la 2021 zinayenera kukhala zitalonjezedwa ku ntchito pofika pa 31 Disembala 2024, ndipo ziyenera kukhala zitagwiritsidwa ntchito pofika pa 31 Disembala 2026. Dallas County inalandira zoposa $500 miliyoni, Tarrant County zoposa $400 miliyoni, osawerengera za mizinda. Ndikufuna tidziwe kuti kwathu kuno zinapita kuti: zingati ku zipatala za anthu osauka, zingati ku thandizo la lendi, zingati kwa ogwira ntchito ngati ife, ndi zingati zinangolowa m'malo mwa ndalama ina imene inasamukira kwina. Lamulo la Texas lotchedwa Public Information Act limalola munthu aliyense kupempha zikalata za boma molemba. Ofesiyo siloledwa kukufunsa chimene ukuzifunira, ndipo ikafuna kukana iyenera kukapempha chigamulo kwa loya wamkulu wa boma pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Misonkhano ya makomishinala a county ndi yotseguka, ndipo munthu amatha kulembetsa kuti alankhule.

Ndayamba kale kulemba kalata yopempha zikalatazo ndipo ndibwera nayo ku msonkhano wathu wotsatira kuti komiti iione. Ndikupempha kuti isainidwe ndi mmodzi wa ife amene ali nzika, kuti pasakhale wina woika mapepala ake pachiswe. Ndikufunanso anthu awiri odziwa za maakaunti, mmodzi wa ku Dallas ndi wina wa ku Fort Worth, oti adzakhale nane pansi zikalatazo zikadzafika, chifukwa zimabwera masamba ambiri ndipo ine ndimagwira ntchito usiku. Amene angadzipereke auze alembi Lamlungu likubwerali tikaweruka ku mapemphero.